Kudikira pa Levulo Naini

Anthu amathamangira mapointi, ine ndinkawathawa. Miyezi isanu yathunthu ndinkawazemba ngati munthu wovala zoyera pamsewu wamatope, ndipo amene sanasewerepo gemu ya pafoni ija aona ngati n'zophweka. Si zophweka ayi. Gemu ija anaipanga kuti izikupatsa zinthu ngakhale iwe usakuzifuna.

Anandilowetsa m'zimenezi ndi Asisi. Iwo ndi achisamba kwathu, ine mzime, ndipo mpaka lero, imvi zili mbuu m'mutu mwangamu, amangonditchula kuti Mzime. Tsiku lina Loweruka anatulukira kuntchito kwanga, kumalo ochapira zovala kumene ndimasita, n'kunditsomphola foni m'thumba la epuloni.

"Iwe Mzime, moyo wako wonse uthere pa makolala a amuna a eni? Bwera kuno ndikuonetse dziko."

"Asisi, zimenezo n'za ana. Ndili ndi masuti sikisi akundidikira."

"Masuti sathawa. Sankha, nkhwangwa kapena nyali?"

Ndinasankha nyali poti inkaoneka yopepuka. Kenako ndi pamene ndinadziwa kuti wanyali ndiye wochiritsa. Samenya kwenikweni, amaima kumbuyo, mnzake akavulala amamuunikira, mphamvu n'kubwerera. Chilombo chikafa, wochiritsa naye amalandira gawo lake la mapointi, ngakhale sanachikhudze ndi chala. Asisi anali ndi nkhwangwa, nanga akanasankhanso chiyani munthu amene wakhala akundilamula kuyambira ndili wakhanda? Iwo patsogolo, ine pambuyo, monga mwa masiku onse.

Oyamba kumene ankafikira pachilumba china cha m'mwamba, pakati pa mitambo. Udzu wake unali woyera, wautali, wogwedezeka ngakhale kulibe mphepo. Dzuwa silinkasuntha, nthawi zonse inali folo koloko madzulo, kuwala kofewa kosalasa m'maso. Pakati panali dziwe, ndipo m'mbali mwa dziwelo munali mtengo umene m'malo mwa zipatso unkabala timabelu. Ukadutsa pansi pake tinkalira chapansipansi. Kumapeto kwa chilumba kunali phompho, ndipo ukaima pamenepo unkaona patali, kunsi kwa nkhungu, magetsi a dziko lalikulu akuphethira.

Zilombo zake zinali ndi dongosolo kuposa anthu ambiri amene ndimawadziwa. Chilichonse chimayenda ndi dzina lake ndi nambala ya levulo pamwamba pa mutu, ndiye mtundu wa dzinalo umakuuziratu malipiro. Dzina likakhala lofiira, chimenecho chakuposa msinkhu, ukachipha mapointi ndi mbwee, kungoti kawirikawiri chimayamba ndi icho kukupha. Lachikasu, ndinu ofanana. Lobiriwira, n'chaching'ono kwa iwe, upezapo tochepa. Likatuwa ngati phulusa ndiye kuti wachiposa ndi malevulo asanu, ngakhale uphe chikwi supeza ndi pointi imodzi yomwe. Mapointi amadzaza kamzere kabuluu kamene kali m'munsi mwa sikirini, kakadzaza wakwera levulo. Ndipo ukangofika teni palibe zokufunsa. Chimbalame choyera chimatsika, n'kukunyamula, n'kukakutula kudziko lalikulu, ndipo kuchilumba subwereranso.

Tinakwera limodzi, levulo ndi levulo, nthawi ya nkhomaliro, iwo ali kusukulu kumene ankaphunzitsa masamu, ine ndili m'kachipinda kakumbuyo pakati pa madiresi opachika. Titafika naini Asisi anatulutsa uphunzitsi wawo. Anawerengera pakapepala kuti tonse titsale ndi mapointi 45 ndendende kuti tifike teni, chifukwa kuseri kwa dziwe kunali Chinkhono, chilombo cha levulo thwelofu, dzina lofiira psuu, chimene chimapereka 100. Kugawana pawiri, 50 aliyense. Nkhwangwa imodzi yomaliza, mbalame ziwiri n'kutsika, ife n'kuwoloka limodzi.

"Koma Lamulungu, tili pasofa imodzi," anatero. "Ndikufuna ndidzaone nkhope yako mbalameyo ikamakunyamula. Usakhudze kanthu mpaka Lamulungu, wamva? Ukawoloka wekha ndikudula makutu."

"Ndamva, aphunzitsi."

Lachisanu m'mawa anagwa m'khitchini, kapu ili m'manja. Sitiroko. Alamu, amuna awo, anandiimbira foni, ine n'kuthamanga epuloni ili m'chiuno. Anakhala m'chipatala milungu itatu, n'kutuluka mbali yakumanja itafa, mwendo akuchita kukoka, dzanja lili lende, mawu akutuluka limodzilimodzi. Tsono gemu ija imafuna zala zazikulu ziwiri, chakumanzere choyendera, chakumanja chomenyera.

M'gemumo ukatseka, kamunthu kako sikachoka. Kamangokhala pansi pomwe wakasiya n'kugona. Ka Asisi kanali pansi pa mtengo wa timabelu, nkhwangwa ili pamiyendo, mutu kataweramitsa. Tsiku limene anatuluka m'chipatala ndinakaima pambali pake, n'kulumbira ndekhandekha kuti pano sindichoka mpaka dzanja lija lidzuke. Ndinali nditalonjeza, ndipo kunena zoona, bola ndikadali pa naini, mtima wanga unkati Asisi achira.

Ngati kuti sizinakwane, mwezi wotsatira eni gemu analengeza kuti chilumba achitseka kwa anthu atsopano. Oyamba kumene azifikira m'tauni ina ya kudziko lalikulu. Amene ali pachilumba akhale mpaka adzafike teni, koma wotuluka watuluka, ngakhale atayambiranso ndi kamunthu katsopano. Ndiye anthu ankangochepa. Tsiku ndi tsiku ndinkaona mbalame zikutsika zopanda kanthu n'kukwera ndi anthu, osabwera ndi mmodzi yemwe, mpaka chilumba chonse chinati zii.

Kusapeza mapointi ndi ntchito, abale. Achule onyamula tinyali pamsana, a levulo sikisi, amakulumphira okha, ndipo ukangobwezera kamodzi wapeza faifi. Mbawala zagalasi za levulo naini zimakuthamangitsa ukaziyandikira. Ndinaphunzira njira zonse zozizemba, ndi mtunda umene chilichonse chimayambira kukuona. Zikandipeza ndinkangoima manja lende, zindiphe, poti kufa m'gemumo sikuvuta, umangodzuka padziwe n'kuyambanso kuyenda. Ndinayesapo ndi kudziponya kuphompho, poganiza kuti mwina akandichotsera ena ngati chilango. Ayi ndithu, ndinadzuka padziwe mapointi anga ali chikhalire.

Zimene ndinkapha ndi nkhosa zamitambo zokha, za levulo thuu, za dzina lotuwa. Sizilira, sizithawa. Ukazikhudza ndi nyali zimangomwazika mwakachetechete n'kusanduka ubweya, ndiye pakapita mphindi zingapo zimameranso mu udzu. Pamalo pamene yafera pamatuluka kaziro, kamakwera m'mwamba pang'onopang'ono n'kusungunuka. Sindinaonepo ziro wokoma ngati ameneyo. Ubweyawo ndinkautola n'kukauunjika pafupi ndi Asisi, ine n'kukhala pansi, timabelu tikulira, mpaka ola la nkhomaliro litha buledi wanga ndisanamulume.

Masiku ena ndikabwerera patebulo lositira, nthunzi ikamafuka m'nsimbi, ndinkaona nkhosa zija zikuyenda pakati pa mahang'ala. Makina ochapira ankamveka patali, ngati akulira m'nyumba ya eni. Masuti ankagwedezeka okha kulibe mphepo. Abwana, mayi wamfupi wa mawu akuthwa, ankandigwedeza phewa.

"Amayi, mwagona choimirira? Kolala iyo ipsa!"

Sinapsepo ndi imodzi yomwe. Manja anga amadziwa ntchito ngakhale mwiniwake atachokapo.

Kamodzi kokha ndinapusa. Ndikuthawa mbawala, ndinakhotera m'kanjira kamene ndinali ndisanapondepo, n'kupezeka ndili m'phanga lodzaza agulugufe a buluu. Ndisanayambe n'kusirira komwe, sikirini inawala: mwapeza malo atsopano, mapointi 15. Mayo ine! Anakupemphani ndani? Ndinakalipira foni mokweza mpaka abwana anasuzumira pakhomo kufunsa ngati walowa wakuba. Kuchokera pa 45 ndinatsala ndi 30. Kuyambira tsiku limenelo ndinkaponda pokhapokha pamene ndinapondapo kale.

Lachitatu ndi Lamulungu masana ndinkapita kwa Asisi. Ndinkawapeza pawindo la pabalaza, patebulo pali mbale ziwiri, ina yodzaza mapegi oyanikira zovala, ina yopanda kanthu. Inali ntchito imene anawapatsa kuchipatala, kutola pegi ndi dzanja lodwala n'kuika m'mbale inayo. Ndikangolowa ankayamba. Ankanyamula dzanjalo ndi linzake n'kuliika pamwamba pa mapegi, nkhope n'kukwinyika, thukuta pamphumi, zala zikungonjenjemera pang'ono. Ine ndinkaombera m'manja.

"Mwaona? Chala chasuntha icho! Alamu, bwerani mudzaone! Ikamatha miyezi iwiri Chinkhono chiona zakuda."

Asisi ankamwetulira ndi mbali imodzi ya pakamwa.

"Chi... lumba?"

Ndiye ndinkawasimbira. Kuti udzu ukadali woyera, kuti mulu wa ubweya wafika m'mapewa mwawo, kuti nkhwangwa yawo sinachite dzimbiri. Ankatsinzina n'kumamvetsera, dzuwa la pawindo lili pankhope pawo.

Alamu ndi munthu wabwino, wokonza mafiriji, koma za gemu sadziwa ngakhale kogwira. Tsiku lina anasuzumira pafoni panga ali ndi thireyi ya tiyi m'manja.

"Mlamu, miyezi yonseyi mukadali pa naini? Mnzanga wa kuntchito anafika fifite milungu iwiri yokha. Bweretsani kuno ndikukankhireni pang'ono."

"Alamu, mukangoikhudza foni iyi mudziwa kuti nsimbi si yositira malaya okha."

Asisi anaseka mpaka kutsokomola. Alamu sanaseke. Anayang'ana akazi awo, anayang'ana ine, anatsegula pakamwa ngati akufuna kunena kanthu, kenako anati aiwala shuga n'kubwerera kukhitchini.

Pofika mwezi wachisanu pachilumba tinatsala atatu: ine, Asisi ogonawo, ndi bambo wina wodzitcha Penshoni. Nkhope yake yeniyeni sindinaionepo, ndinkangodziwa kamunthu kake ka mkondo ndi chipewa chachikulu. Kumenya nkhondo ankakudziwa ngati mmene Alamu amadziwira kuvina. Ankafa tsiku lililonse, n'kudzuka padziwe pafupi ndi ife, n'kulemba moni wake wautali, chilembo chimodzichimodzi.

"Mwaswera bwanji mayi, ndafanso."

Anandiuza kuti anzake amene ankagwira nawo ntchito anawoloka kalekale, amamudikira kutsidya, ndipo amamuseka pafoni kuti wamanga nyumba pachilumba. Ine ndinamuuza zanga, n'kumuchenjeza kuti asadzayerekeze kundiitana pa nkhondo zake.

"Ndamva mayi, sindidzatero. Achire akulu anu."

Ndipo sanateropo, zimenezo ndimuchitire umboni. Ankati akandiona ndikubwera, amachoka ndi chilombo chake kukamenyera kutali.

Linali Lachinayi, dzuwa lili paliwombo, m'kachipinda muja mukununkhira sopo ndi nsalu zotentha. Ndinkapita kuphompho kukaona magetsi a kutsidya, njira yanga ya masiku onse, yodutsa chapatali kuseri kwa dziwe. Ndikukhota pamwala, ndinaona Penshoni ali pakhosi ndi Chinkhono. Anali atachiyesa kambirimbiri, koma tsiku limenelo, kaya anadya chiyani, anali atachifikitsa kumapeto. Kamzere ka mphamvu za Chinkhono kanali katatsala ngati ulusi. Kake nakonso kanali ngati ulusi, kofiira, kakuphethira. Chinkhono chinadzutsa mutu kuti chimalize, iye ali chiimire, mkondo uli m'mwamba, mochedwa monga mwa nthawi zonse.

Sindinaganize. Ndikanakonda kunena kuti ndinamumvera chisoni, ndinayeza zonse n'kusankha, koma ndinama. Kuyambira levulo wani mpaka naini chala changa chinaphunzira chinthu chimodzi, kuti kamzere ka munthu wa kutsogolo kakafiira, dinya. Chinadinya. Nyali yanga inawala, kuwalako kunayenda pamwamba pa udzu n'kukamukuta Penshoni, Chinkhono chinamenya, iye osagwa, mkondo wake n'kutsika.

Chinkhono chinasweka ngati mbale yadothi. Pamwamba pa mutu wanga panatuluka 50, wagolide, wamkulu, akukwera monyada.

Kamzere kabuluu kanathamanga mpaka kumapeto. Kunalira nyimbo, timabelu tonse ta mumtengo tinalira pamodzi, ndipo mitambo inatseguka. Zinatsika mbalame ziwiri, ina yanga, ina ya Penshoni.

Ndinadinya paliponse. Ndinayesa kuthawa, kamunthu kanga osasuntha. Ndinazimitsa foni, ndinaiyatsanso, n'kupeza ndili kale m'mwamba, ndili lende m'zikhadabo. Ndipo chimene chimandipweteka n'chakuti kunali kokongola. Mapiko ankakupiza mwaulesi, opanda phokoso. Chilumba chonse chinali pansi panga, udzu ukuyenda ngati madzi, nkhosa zili timadontho toyera, phanga la agulugufe likufuka buluu. Ndinaona dziwe, ndinaona mtengo, ndinaona mulu wa ubweya, ndi pambali pake kamunthu kokhala pansi, mutu kataweramitsa. Kanachepa, kanachepa, kenako nkhungu inatseka.

Mbalame inanditula padoko la tauni yodzaza anthu, onse akuthamanga, akudumpha, akugulitsana malupanga. Penshoni anatera pambali panga.

"Mayi zikomo, zikomo, Mulungu akudalitseni," analemba. Kenako analembanso, "Aaa. Mayi. Inunso? Pepani. Pepani mayi."

Ndinalemba mawu amene mayi athu akanandisambitsa nawo pakamwa ndi sopo, n'kuwafufuta. Analakwa chiyani bambo wa eni? Ndinatseka foni n'kubwerera patebulo. Masana amenewo m'nthunzi munalibe nkhosa. Munali malaya, makina akulira pafupi ndi khutu, ndi abwana akufunsa ngati ndikudwala.

Lachisanu ndi Loweruka sindinatsegule gemu. Ndinkangopanga mapulani. Ndinaganiza zolembera eni gemu kuwapempha kuti andibweze, ndinalembadi, ndipo anandiyankha mwaulemu ndi makina kuti akuthokoza chifukwa cha chidwi changa. Ndinaganiza zonama. Nanga Asisi akanadziwa bwanji? Foni yawo inali m'dirowa chigwereni, ndipo chilumba ndinkachidziwa pamtima, ndikanatha kuwasimbira chaka chathunthu osabwereza. Lamulungu ndinakwera basi nditatsimikiza kuti ndikanama, ndipo ndikanama bwino.

Ndinawapeza pamalo awo, pawindo. Atandiona ananyamula dzanja lija n'kuliika pamapegi, nkhope n'kuyamba kukwinyika. Ndinakhala pampando woyang'anizana nawo, koma manja anakana kuomba.

"Chi... lumba?"

"Chili bwino. Udzu ukadali... nkhosa zija..."

Anandiyang'ana. Munthu amene anakusinthapo matewera sungamunamize akukuyang'ana choncho.

"Asisi, ndawoloka."

Ndinawauza zonse, mothamanga, mutu uli pansi. Za Penshoni, za Chinkhono, za chala changa chopusachi, za mbalame ziwiri. Ndinati ndakusiyani nokha pansi pa mtengo, ndipo kulibenso njira yobwerera, ndayesa.

Asisi anayang'ana panja. Kenako milomo inayamba kugwira ntchito yake yolemetsa ija.

"Mu... nthuyo. Anachira?"

"Anachira. Koma n'chimene chikundiwawa, Asisi! Ngakhale akanafa, akanangodzuka padziwe. Amafa tsiku lililonse munthu ameneyo! Ndataya zonse chifukwa cha zopanda pake."

Anagwedeza mutu pang'ono. Ndi dzanja lamanzere anachotsa lakumanja pamapegi n'kuliika pamiyendo. Kenako anakankha mbale ija pang'onopang'ono mpaka kumapeto kwa tebulo, kutali ndi iwo.

"Dzanja ili... silidzuka."

"Asisi musatero. Chala chija chimasuntha, ndimaona ndi maso angawa, mukangolimbikira..."

Anakweza chala chakumanzere, mmene ankachitira m'kalasi. Ndinatseka pakamwa.

"Adokotala... anatiuza. Mwezi... wachitatu."

Ndinatembenuka. Alamu anali ataima pakhomo la kukhitchini, kansalu kopukutira mbale kali paphewa, maso ali pansi. Anagwedeza mutu kuvomereza.

"Nanga mapegiwa?"

"Ndimatola... ukabwera... iwe."

Mtima unandipsa, ndinene zoona. Ndinakwiyira Alamu, ndinakwiyira adokotala amene sindinawaonepo, ndinakwiyira ndi Asisi omwe. Koma mkwiyowo sunakhalitse, unaphwa, pansi pake panali manyazi. Miyezi iwiri yathunthu, kawiri pa sabata, ndakhala ndikulembetsa mayeso munthu wodwala, iye akudziwa kuti sakhoza, ine ndikuombera m'manja.

"Bwanji osandiuza?"

Mawu aja anatenga nthawi kuti afike. Ndinawadikira.

"Unka... sangalala. Unkabwera... ndi nkhosa zako." Anapuma, anameza malovu. "Ndatopa, Mzime."

Ndinalira. Kuchipatala sindinalire, tsiku limene anatuluka akukoka mwendo sindinalire, ndinali wotanganidwa ndi kuzemba achule. Ndinalira pamenepo, nditagwada pansi, nkhope ili pamiyendo pawo, nditagwira dzanja lija. Linali lofunda, lolemera, ndipo silinandigwire. Lamanzere ndi limene linabwera pamutu panga n'kumandisisita. Alamu anachoka pakhomo mwakachetechete, ndinamva akutsegula mpopi kukhitchini, madzi akungotayika.

Nditakhala bata, Asisi anandikoka khutu, osati kwambiri.

"Tsegula."

"Chiyani?"

"Foni. Ndione... kumene... wapita."

Ndinapukuta nkhope ndi mkono, ndinakokera mpando pafupi ndi wawo mpaka mapewa athu anagundana, n'kutsegula. Kamunthu kanga kanali kakadali padoko, nyali ili m'manja, anthu akukadutsa mbali zonse. Kutsogolo kunali chipata chachikulu, ndipo kuseri kwake msewu unagawikana pawiri. Wina unkakwera phiri la mitengo yofiirira, pamwamba pake pakuuluka zinthu za mayina ofiira zimene sindinazionepo. Wina unkatsika kuchigwa kumene kunkagwa mvula yowala, yogwa pang'onopang'ono ngati ilibe kofulumira. Asisi anayandikitsa nkhope, kuwala kwa sikirini kuli m'maso mwawo.

"Ndilibe wondimenyera, Asisi," ndinatero. "Ndikafa pakhomo pomwepo."

"Udza... dzuka."

"Nanga tilowere kuti?"

Anayang'ana misewu yonse iwiri, osafulumira. Kenako anakweza dzanja lamanzere n'kuloza kuchigwa. Ndinapendeketsa foni kuti aziona bwino, n'kuyamba kuyenda pang'onopang'ono.